Tizigoba ta m'matope tomwe timachitira umboni mtsinje ukaipitsidwa

Mtsinje ukayamba kununkha, nsomba n'kumayandama zitafa, mkangano wake umayenda mofanana kulikonse. Asodzi ndi amayi otunga madzi amaloza chala fakitale kapena mgodi wa kumtunda. Eni fakitale amayankha kuti madziwo ngotero kuyambira kale, ndipo amafunsa kuti adawayeza ndani iwo asanabwere. Nthawi zambiri nkhani imathera pomwepo, chifukwa n'zoona kuti palibe adayeza. Agogo akhoza kulumbira kuti paubwana wawo ankamwa madzi omwewo, koma pabwalo la milandu mawu a agogo salemera ngati pepala la katswiri.

M'maiko omwe ali m'mphepete mwa nyanja zamchere, akatswiri a sayansi adapeza mboni yomwe idalipo fakitale isanamangidwe ndipo idakalipo mpaka lero. Mboniyo ndi tizigoba ta tizamoyo tating'ono kwambiri totchedwa foraminifera, tomwe timakwiririka m'matope a pamatsiriro a mitsinje. Ife aphunzitsi timaphunzitsa za tizamoyo ta selo imodzi chaka ndi chaka, ophunzira amaloweza kuti akhoze mayeso, kenaka amafunsa kuti kodi zimenezi zithandiza yani. Nkhani ya tizigobati ndi yankho limodzi lomwe ndikufuna awerengi a tsamba lino alimve.

Tiforamu n'chiyani?

Dzina loti foraminifera ndi lalitali, choncho ndizingoti tiforamu, pakuti akatswiri eni ake amalifupikitsanso. Kaforamu ndi kachamoyo ka selo imodzi, kofananako ndi amoeba ya m'mabuku a Biology, koma iko kamadzimangira nyumba. Tina timapanga chigoba cha laimu kuchokera ku zosungunuka za m'madzi a m'nyanja, monga imachitira nkhono. Tina timatola timchenga n'kumamata pamodzi mpaka khoma litaima. Mitundu yambiri ikamakula imawonjezera zipinda, china pambuyo pa chinzake, ndipo zipindazo zimalumikizana ndi timabowo. Timabowo timeneti ndi tomwe tidabala dzina, pakuti m'Chilatini liwulo limatanthauza zokhala ndi mabowo. Adatcha dzinali ndi katswiri wa ku France, Alcide d'Orbigny, m'chaka cha 1826. Iye ankayesa kuti ndi tinyama tokhala ndi mutu ndi ziwalo, kufikira pomwe mnzake Félix Dujardin adaonetsa mu 1835 kuti mkati mwa chigobacho muli kanthu kamodzi konanda, komwe kamatulutsa tiulusi togwirira chakudya ndi kuyendera.

Tambiri sitikwana milimita imodzi, moti ukatiika pachikhatho ungati ndi mchenga chabe. Koma kalekale kudali mitundu ina yaikulu ngati ndalama yachitsulo. Miyala ya laimu yomwe adamangira mapiramidi a ku Giza m'dziko la Egypt njodzaza ndi zigoba zoterezi. Mlembi wakale wa Chigiriki, Strabo, adalemba kuti anthu akumeneko ankati timiyala tobulungira tomwe tidali mbwee pafupi ndi mapiramidiwo ndi mphodza zomwe adasiya amisiri, zomwe zidasanduka mwala. Tiforamu takhala m'nyanja kwa zaka zoposa 500 miliyoni, ndipo mitundu yodziwika ilipo pafupifupi 50,000, yambiri mwa iyo idatha kale. Makampani okumba mafuta akhala akutigwiritsa ntchito kwa zaka pafupifupi 100 kuti adziwe msinkhu wa miyala yomwe akuboola.

Chomwe chimatichititsa kukhala mboni yabwino n'choti timachuluka, moti m'supuni imodzi ya matope mutha kupezeka mazanamazana. Moyo wake ngwaufupi, masabata kapena miyezi ingapo, choncho madzi akasintha chiwerengero chake chimasintha msanga. Mtundu uliwonse uli ndi madzi ake omwe umakonda, ndipo mwini akafa chigoba chimatsala pamalo pomwepo.

Chifukwa chiyani pamatsiriro?

Pamatsiriro ndi pomwe mtsinje umathira m'nyanja yamchere. M'malo ambiri madzi a m'nyanja amakwera ndi kutsika kawiri patsiku, ndipo akakwera amakankhira mchere kumtunda kwa mtsinje. Apa mtsinje umachepetsa liwiro n'kutula katundu wake. Tidothi tosalala tikakumana ndi mchere timagwirana n'kumira. Motero matope amayalana chaka ndi chaka, akale pansi, atsopano pamwamba, ndipo chilichonse chomwe anthu a kumtunda adataya m'madzi chimadzagona m'menemo. Paja akuluakulu adati madzi saiwala khwawa.

Malo amenewa ngofunika pa moyo wa anthu. Nsomba zambiri za m'nyanja ndi nkhanu zimakulira m'matsiriro zisanapite kunyanja yakuya. Mizinda ikuluikulu monga London, Lisbon, Maputo ndi Beira idamangidwa pamatsiriro chifukwa mpomwe sitima zimakocheza bwino. Choncho malo omwe nsomba zimakuliramo ndi omwenso amalandira zonyansa za mizinda.

Tiforamu timakhala mwadongosolo m'malo otere. Kufupi ndi nyanja, komwe mchere ngwokwanira, kumakhala mitundu yambirimbiri ya zigoba za laimu. Ukamalowa mkati, komwe mchere umasinthasintha, mitundu imachepa ndipo imatsala yopirira monga Ammonia, Elphidium ndi Haynesina. M'madambo amchere a m'mbali, omwe madzi amafikamo mwa apo ndi apo, mumakhala tomanga ndi mchenga tija, monga Trochammina ndi Miliammina. Mlimi aliyense aimvetsa nzeru imeneyi. Akaona kaufiti wachita maluwa m'chimanga amadziwa kuti nthaka yaguga, ndipo akaona bango amadziwa kuti madzi ali pafupi. Katswiri wa tiforamu amachita chimodzimodzi, kungoti iye amatha kuwerenganso munda wa zaka 200 zapitazo.

Momwe amawerengera matope

Ntchito yake siyodabwitsa. Amakhoma paipi m'matope n'kuizula ili yodzaza, kenaka amaing'amba m'litali kuti aone miyalo ya matope momwe idagonera. Matopewo amawadula tizidutswa, kawirikawiri sentimita imodzi imodzi. Kachidutswa kalikonse amakatsuka pa sefa ya timabowo ta mamaikulomita 63, kukula kwake ngati kunenepa kwa tsitsi limodzi. Dothi limapita, tizigoba n'kutsala pamodzi ndi mchenga. Akaumitsa, katswiri amakhala pa maikulosikopu ndi kaburashi konyowa, n'kumatola kamodzikamodzi mpaka titakwana pafupifupi 300, ndipo amalemba mtundu wa kalikonse. Ndi ntchito yofuna mtima wodekha ngati kusankha mpunga.

Pofuna kudziwa tomwe tili moyo lero, amatenga matope a pamwamba penipeni n'kuthiramo utoto wofiirira wotchedwa rose Bengal, womwe umagwira mnofu wa mkati koma osagwira chigoba chopanda mwini. Njira imeneyi idayamba mu 1952 ndipo ikugwirabe ntchito.

Chotsala n'kudziwa zaka za mwalo uliwonse. Pa matope a zaka 100 kapena 150 zapitazo amayeza mtundu wina wa mtovu wotchedwa lead-210, womwe umagwa kuchokera mumlengalenga ndipo theka lake limatha pa zaka 22 zilizonse. Palinso chizindikiro chomwe anthu tidasiya tokha. Maiko amphamvu ankayesa mabomba a nyukiliya mumlengalenga, ndipo fumbi lake lokhala ndi caesium-137 lidagwa kwambiri m'chaka cha 1963. Mwalo womwe caesium wachuluka zedi amauwerenga kuti ndi wa chaka chimenecho. Pa matope akale kwambiri amayeza kaboni wa m'zigoba kapena m'zomera zokwiririka. Zonse zikaphatikizidwa, paipi ija imasanduka kaundula wa mtsinje, wokhala ndi zaka zake.

Zomwe matope a ku Bilbao adaulula

Chitsanzo chomveka bwino chili kumpoto kwa Spain, mumzinda wa Bilbao, pomwe mtsinje wa Nervión umathira m'nyanja. M'mapiri ozungulira mzindawu mudali miyala yambiri ya chitsulo, ndipo kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1800 migodi ndi ng'anjo zidamera m'mbali mwa mtsinje. Kampani yaikulu yosungunula zitsulo ya Altos Hornos de Vizcaya idakhazikitsidwa mu 1902. Anthu adakhamukira kumeneko kukafuna ntchito, ndipo zonyansa za m'mafakitale ndi za m'zimbudzi zinkathiridwa mumtsinje osasefedwa. Mtsinjewo udafika pokhala umodzi mwa yoipitsitsa ku Ulaya.

Alejandro Cearreta ndi anzake a ku yunivesite ya dera la Basque adaboola matope a pamatsirirowo ndipo adapeza zigawo zitatu. Pansi penipeni, m'matope a nthawi yomwe kudalibe mafakitale, tiforamu tidali tambiri ndi tamitundumitundu, ndipo zitsulo monga mtovu ndi zinki zidali zochepa monga mwachilengedwe. Pakati, m'matope a kuyambira cha m'ma 1850 kufika cha m'ma 1950, zitsulo zidachuluka koma tiforamu tidalipobe tambiri. Pamwamba, m'matope a kuyambira cha m'ma 1950, zitsulo zidafika posayerekezeka ndipo tiforamu ta pamalopo tidasoweratu.

Chigawo chapakaticho chili ndi phunziro. Kwa zaka pafupifupi 100 mtsinje unkalandira chiphe cha m'migodi koma moyo unkapirira. Chomwe chidamaliza ndi kutha kwa mpweya wa okosijeni m'madzi. Zonyansa zowola zikachuluka, mabakiteriya omwe amaziwoletsa amatha mpweya wonse, ndipo chilichonse chokhala pansi pa madzi chimabanika. Wongoyeza zitsulo zokha akadaloza mgodi n'kusiya zimbudzi za mzinda. Tizigoba tidaonetsa kuti mlanduwo udali wa onse, ndipo tidaonetsanso nthawi yomwe zinthu zidafika poipa.

Mu 1990 malo aakulu oyeretsera madzi oipa a Galindo adayamba kugwira ntchito, ndipo mu 1996 ng'anjo za Altos Hornos zidazima. Mpweya udayamba kubwerera m'madzi, ndipo patapita zaka tiforamu tamoyo tidayambanso kupezeka m'matope a pamwamba. Kubwerera kwake ndi umboni umodzi womwe akatswiri amaonetsa kuti ndalama zoyeretsera mtsinje sizidapite pachabe. Komabe matope achiphe aja sadapite kulikonse. Adangokwiririka, ndipo wokumba doko mosasamala akhoza kuwavundula.

Nzeru yomweyi idathandiza pamene maiko a mgwirizano wa European Union adakhazikitsa lamulo la madzi m'chaka cha 2000, lofuna kuti mitsinje ndi magombe zibwezeretsedwe kufupi ndi momwe zidalili zisanaonongeke. Vuto lidali loti palibe adalemba momwe zidalili. Ku Norway, Elisabeth Alve ndi anzake adaonetsa ndi matope a m'nyanja ya pafupi ndi mzinda wa Oslo kuti tiforamu tokwiririka tingathe kupereka muyeso umenewo, malo ndi malo.

Zigoba zopunduka za ku Cornwall

Nthawi zina umboni umakhala pa maonekedwe a chigoba. Ku Cornwall, kummwera chakumadzulo kwa England, mgodi wa tini wa Wheal Jane udatsekedwa mu 1991 ndipo mapampu opopa madzi adazimitsidwa. Madzi adadzaza m'mapanga a mgodiwo n'kusungunula zitsulo za m'miyala. Mu January 1992 adaphulika, ndipo malita pafupifupi 50 miliyoni a madzi a asidi adakhuthukira mumtsinje wa Carnon, kulowa m'khwawa la Restronguet mpaka kumatsiriro a Fal. Madzi adasanduka ofiira ngati katondo.

Akatswiri a ku Plymouth omwe adatsatira tiforamu ta m'khwawalo adapeza kuti chakumtunda tidali titasowa, ndipo pakati pa totsala, tambiri tidali ndi zigoba zopindika, zipinda zina zotupa, zina zomera pomwe siziyenera. Boma litayamba kuyeretsa madzi a mumgodiwo, tiforamu tidabwerera pang'onopang'ono ndipo topunduka tidachepa. Phunziro lake likukhudza dziko lililonse lomwe likutsegula migodi: mgodi umatha kuipitsa madzi kwambiri utatsekedwa kale, eni ake atalongedza n'kupita.

Feteleza wa kumunda, imfa ya kunyanja

Mtsinje wa Mississippi ku America umasonkhanitsa madzi a m'dera lalikulu la minda ya chimanga ndi soya. Feteleza yemwe mbewu sizidadye amakokoloka mpaka kunyanja ya Gulf of Mexico. Kumeneko amadyetsa ndere, ndere zimachuluka, zimafa n'kumira, ndipo zikamawola zimatha mpweya wa pansi. Chaka chilichonse m'nyengo yotentha pamakhala dera lomwe nsomba zimathawamo ndipo zosatha kuthawa zimafa. Mu 2017 dera limeneli lidakula kuposa masikweya kilomita 22,000, kutanthauza pafupifupi magawo atatu mwa anayi a nyanja ya Malawi.

Kuyeza deralo chaka ndi chaka kudayamba mu 1985. Ena akadatha kunena kuti mwina lidalipo chikhalire. Barun Sen Gupta ndi anzake a ku Louisiana adayankha ndi mitundu iwiri ya tiforamu. Ammonia imapirira mpweya ukachepa, pomwe Elphidium imafooka. Atawerenga mitundu iwiriyi m'miyalo ya matope, adapeza kuti Ammonia idayamba kuposa mnzake kwambiri kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1900, nthawi yomwe alimi a kumtunda adayamba kuthira feteleza wochuluka. Mlimi wa ku Iowa sadaonepo msodzi wa ku Louisiana, koma matope adawalumikiza.

Tizigoba timaululanso alendo. Ku San Francisco kudapezeka kaforamu ka ku Japan kotchedwa Trochammina hadai, komwe m'matope akale mulibe. Kadaoneka koyamba m'matope otengedwa mu 1983, ndipo akatswiri amakhulupirira kuti kadabwera ndi sitima zapamadzi. M'zaka zochepa kadafalikira m'gombe lonselo.

Kukwera kwa nyanja ndi chivomezi cha 1700

Mu 1978, David Scott ndi Franco Medioli a ku Canada adaonetsa kuti m'madambo amchere mtundu uliwonse wa tiforamu umakhala pa msinkhu wakewake poyerekeza ndi pomwe madzi a m'nyanja amalekezera. Ndiye ukapeza mtundu wa pamwamba pa dambo utakwiririka mamita awiri pansi, ukudziwa pomwe nyanja inkafika nthawi imeneyo. Pogwiritsa ntchito njirayi ku North Carolina, Andrew Kemp ndi anzake adalengeza mu 2011 mbiri ya nyanja ya zaka 2,100. Adapeza kuti kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 nyanja yakhala ikukwera ndi mamilimita pafupifupi awiri pachaka kumeneko, liwiro lomwe silidaonekepo m'zaka zonse zam'mbuyozo. Mamilimita awiri ngochepa pakamwa, koma pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo mizinda yokhala m'zigwa za m'mphepete mwa nyanja ikulimva kale.

Kugombe la Oregon ndi Washington, m'matsiriro a mitsinje, akatswiri adapeza nthaka ya dambo itakwiriridwa mwadzidzidzi ndi mchenga ndi matope. Pansi pa mzerewo padali tiforamu ta pamwamba pa dambo, ndipo pamwamba pake padali ta malo otsika omwe amamira tsiku ndi tsiku. Kusintha kotere kumatanthauza kuti dziko lidatitimira pa kanthawi kochepa. Zolembedwa zakale za ku Japan zimanena za mafunde aakulu omwe adafika kumeneko popanda chivomezi chomveka, ndipo poziphatikiza ndi umboni wa m'matope ndi wa mitengo yomwe idafa, zidadziwika kuti chivomezi choopsa chidachitika pa 26 January 1700. Lero m'matauni a m'gombelo muli zikwangwani zolozera anthu kothawira mafunde akadzabweranso.

Mboni nayo imafunsidwa mafunso

Tisaganize kuti tizigoba timanena zonse mosaphonya. M'matope a asidi, zigoba za laimu zimasungunuka, choncho kusowa kwake sikutanthauza nthawi zonse kuti kudalibe moyo. Nkhanu ndi nyongolotsi zimakumba n'kusakaniza matope akale ndi atsopano. Mafunde amatha kunyamula zigoba za kunyanja n'kukazitula mkati mwa mtsinje. Chovuta kwambiri n'choti pamatsiriro ndi malo ovuta kale mwachilengedwe. Mchere umasintha maola ochepa alionse, ndipo mitundu yomwe imapirira zimenezi ndi yomwenso imapirira zonyansa. Ngakhale kupunduka kwa chigoba kumatha kubwera chifukwa cha kusintha kwa mchere popanda chiphe chilichonse.

N'chifukwa chake katswiri wabwino samanga mlandu pa tiforamu tokha. Amayezanso zitsulo za m'matope, mungu wa zomera, ndi tizamoyo tina, ndipo amaboola malo angapo. Mu 2011 akatswiri a maiko osiyanasiyana adakumana ku Fribourg m'dziko la Switzerland n'kugwirizana njira imodzi yotengera ndi kuwerengera matope, kuti zopeza za wina zizitha kuyerekezedwa ndi za mnzake. Umboni womwe ungatseketse fakitale kapena kulipiritsa kampani uyenera kupirira mafunso a loya wa mbali inayo.

Nanga ife opanda nyanja yamchere?

Tiforamu tomwe ndafotokozati ndi ta madzi amchere, ndipo m'nyanja ya Malawi kapena mu Shire simungatipeze. Koma madzi athu amakathera kwa ito. Shire amachoka m'nyanja ku Mangochi, amadutsa ku Liwonde, Chikwawa ndi Nsanje, n'kukathira mu Zambezi ku Mozambique, ndipo Zambezi amakafika ku Indian Ocean chakufupi ndi Chinde. Dothi lomwe limakokoloka m'mapiri omwe tidadula mitengo, lina limakwirira damu la Nkula n'kutizimitsira magetsi, lina limapitirira ulendo. Zonyansa zomwe zimalowa mu Mudi ku Blantyre zili pa njira yomweyo. Madamu a Kariba, lomwe lidamalizidwa mu 1959, ndi Cahora Bassa, la mu 1974, adasintha kasefukiridwe ka Zambezi, ndipo asodzi a kugombe la Sofala amadalira madzi omwe mtsinjewu umabweretsa. Kwa anthu a kumatsiriro a Zambezi, ife ndife a kumtunda, monga mlimi wa ku Iowa uja.

Anamondwe nawo amatilumikiza. Idai adagunda Beira mu March 2019, ndipo Freddy adalowera chakufupi ndi Quelimane mu March 2023 asanadzatiphere abale athu kuchigawo chakummwera. Namondwe wamphamvu amakankhira madzi ndi mchenga wa m'nyanja kumtunda, ndipo mchengawo umakhala ndi tiforamu ta kunyanja tomwe sitikhala m'dambo. Miyalo yotere ndi yomwe akatswiri m'maiko angapo amawerenga kuti adziwe kuti anamondwe aakulu ankabwera kangati kale. Yankho la funso limenelo pa gombe la Mozambique ndi lofunika kwa munthu wa ku Phalombe monga momwe lilili kwa wa ku Beira.

Ndipo njira yowerenga matope idagwirapo kale ntchito kwathu kuno. Mu 2005 akatswiri adaboola pansi pa nyanja ya Malawi n'kutulutsa matope a mamita mazanamazana. M'malo mwa tiforamu adawerenga tindere ta zigoba zonga galasi totchedwa diatom ndi tizilombo ta zigoba ziwiri totchedwa ostracod, tomwe timakhala m'madzi opanda mchere. Adapeza kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kudagwa zilala zoopsa, moti nyanja yomwe lero njakuya pafupifupi mamita 700 idaphwa n'kutsala gawo lochepa chabe la madzi ake. Ngati matope athu adasunga nkhani ya nthawi imeneyo, ya zaka 50 zapitazi sangaisowe.

Chomwe tingachite

Dziko lathu likukamba za migodi tsiku ndi tsiku, ndipo mafakitale ndi minda ikuluikulu ikumangidwa m'mbali mwa mitsinje. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziziunikidwa zisanayambe. Pempho langa kwa oona za chilengedwe ndi loti kuunikako kuziphatikizapo kuboola matope a m'madamu, m'madambo ndi pomwe mitsinje imathira m'nyanja zathu, ndipo gawo la matopewo lizisungidwa kusukulu zaukachenjede, komwe aliyense wokhudzidwa angathe kupempha kuti liyezedwenso. Mtengo wa paipi, sefa ndi maikulosikopu ngwochepa poyerekeza ndi mtengo wa mlandu womwe mudzi ungaluze chifukwa chosowa umboni. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe: anthu a ku Bilbao adadikira mpaka mtsinje utafa, ndipo kuutsitsimutsa kwatenga zaka zoposa 30.

Mafumu ndi makomiti a chitukuko nawo ali ndi mbali yawo. Kampani ikabwera kudzapempha malo pafupi ndi mtsinje, funso loyamba likhale loti madzi ndi matope ayezedwa liti, wayeza ndani, ndipo zotsatira zake zisungidwa kuti. Zimenezi zilembedwe ntchito isanayambe, pomwe aliyense akadali wokoma m'kamwa.

Kwa aphunzitsi anzanga, phunziro ili silifuna labotale yodula. Tengani matope a m'dambo, muwathire m'botolo la madzi, mukhutchumule n'kulisiya usiku wonse. M'mawa ophunzira adzaona mchenga pansi, dothi losalala pamwamba, ndipo adzamvetsa momwe miyalo imapangikira. Komwe kuli maikulosikopu, ngakhale imodzi, dontho la madzi a m'chithaphwi lidzawaonetsa tizamoyo tomwe amangotiona m'mabuku. Ophunzira a m'masukulu a kumudzi amadziwa kale dambo lililonse la kwawo, amadziwa pomwe mtsinje udasintha njira ndi chaka chomwe chitsime chidauma. Akatswiri omwe adzawerenge matope a Shire, Linthipe kapena Chilwa akhoza kuchokera pakati pa iwowa, bola tiwaonetse msanga kuti ntchito yotereyi ilipo.